Moyo wa otchinga kumbuyo m'maligi apansi: mbiri ya Rumun Ndur ku Canada ndi Onismor Bhasera wa ku Mutare

MUTARE, Zimbabwe — Mwa anthu onse amene amapeza zosowa zawo kudzera m'masewero, ndi ochepa kwambiri amene amakhazikika mu ligi yaikulu. Ambiri amathera zaka zawo zamphamvu m'maligi apansi, momwe malipiro amakhala ochepa, mgwirizano wa ntchito umakhala wa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo timu ikhoza kutha mwini wake akagwa m'ngongole kapena m'milandu.

Mbiri ya osewera awiri obadwira mu Africa, onse otchinga kumbuyo, ikuonetsa bwino momwe moyo umenewu umayendera. Woyamba ndi Rumun Ndur, amene anabadwira ku Zaria m'dziko la Nigeria pa 7 Julayi 1975 ndipo anakulira m'chigawo cha Ontario ku Canada, komwe anaphunzira hoki ya pa madzi oundana. Wachiwiri ndi Onismor Bhasera, mwana wa mumzinda uno wa Mutare, amene anabadwa m'chaka cha 1986 ndipo anasewera mpira wamiyendo m'maligi atatu a pansi pa Premier League ku England.

Nkhaniyi ikuyamba ndi hoki chifukwa ku Canada ndi ku United States malamulo okweza ndi kutsitsa wosewera analembedwa poyera. Kumeneko n'kosavuta kuona kuti kupatula luso, tsogolo la wosewera limadalira chiwerengero cha malo m'timu, mawu a mu mgwirizano wake, thanzi la thupi lake komanso chuma cha amene anamulemba ntchito.

Masewero ake ndi otani

Anthu a ku Zimbabwe amadziwa hoki ya pa kapinga, imene imaseweredwa m'sukulu zina, ndipo amakumbukira kuti timu ya amayi ya dziko lino inatenga mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics ku Moscow m'chaka cha 1980. Hoki ya ku Canada ndi yosiyana nayo. Bwalo lake ndi la madzi oundana, lotalika mamita 61 ndi mamita 26 m'lifupi, ndipo ndi lotchingidwa ndi matabwa ndi magalasi kuzungulira. Osewera amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake, zimene zimawathandiza kutsetsereka mwaliwiro. M'malo mwa mpira wozungulira amamenya kampira ka labala kolimba ndi kophwatalala, kotchedwa puck, kamene sikapitirira magalamu 170 kulemera kwake.

Timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi m'bwalo: goloboyi mmodzi, otchinga kumbuyo awiri ndi osewera kutsogolo atatu. Masewero amagawidwa m'zigawo zitatu za mphindi 20 chilichonse. Kaamba ka liwiro lake, osewera amasinthana pafupipafupi masewero ali mkati, ndipo kawirikawiri munthu sakwanitsa mphindi imodzi m'bwalo asanapume.

Wotchinga kumbuyo amayenera kudziwa kutsetsereka chobwerera m'mbuyo uku akuyang'ana mdani. Amakankha adani amene aima patsogolo pa golo, amalimbirana kampira m'mbali mwa matabwa, ndipo amatchinga ndi thupi lake kampira komwe nthawi zina kamathamanga makilomita oposa 150 pa ola. Ntchito yambiri yotereyi siioneka pa mndandanda wa omwetsa zigoli. Akaigwira bwino owonerera saona chachilendo, koma akalakwitsa kamodzi bwalo lonse limadziwa dzina lake.

Makwerero a maligi

Pamwamba pa zonse pali National Hockey League, mwachidule NHL, imene inakhazikitsidwa ku Montreal m'chaka cha 1917. Lero ili ndi matimu 32, asanu ndi awiri a ku Canada ndi 25 a ku United States. Pansi pake pali American Hockey League, kapena kuti AHL, ya m'chaka cha 1936, momwe timu iliyonse ya NHL ili ndi timu yake yosulirako osewera. Pansi pa AHL pali ECHL, imene inayamba mu 1988. Anyamata a zaka 16 mpaka 20 amasewera m'maligi atatu akuluakulu a achinyamata a ku Canada, ndipo ambiri a iwo amachoka pakhomo pa makolo awo n'kukasungidwa ndi mabanja ena m'tauni ya timu yawo.

Vuto lagona pa masamu. Timu ya NHL imaloledwa kukhala ndi osewera 23 okha pa mndandanda wake, ndipo pa masewero amodzi kawirikawiri imagwiritsa ntchito otchinga kumbuyo asanu ndi mmodzi. Izi zikutanthauza kuti matimu onse 32 akasewera, malo a otchinga kumbuyo amakhala 192 basi, ndipo malo amenewa amalimbiranidwa ndi anthu ochokera ku Canada, United States, Sweden, Finland, Russia, Czechia ndi mayiko ena. M'chaka cha 1994 matimu anali 26, kotero malo anali 156.

Kafukufuku wa Jim Parcels, amene anagwirapo ntchito m'mabungwe a hoki ku Ontario, anatsatira anyamata pafupifupi 30,000 a m'chigawochi obadwa mu 1975, chaka chomwe Ndur anabadwa. Osakwana 50 mwa iwo ndi amene anasankhidwa ndi matimu a NHL, ndipo amene anapondako m'bwalo la ligiyi anali ochepa kuposa pamenepo.

Kuchokera ku Guelph kukafika ku Rochester

Ndur anasewera hoki ya achinyamata m'timu ya Guelph Storm ya mu Ontario Hockey League kuyambira 1992 mpaka 1995. M'chaka cha 1994 timu ya Buffalo Sabres inamusankha pa mwambo wa chaka ndi chaka wotchedwa draft, pomwe matimu a NHL amagawana anyamata amene akwanitsa zaka 18. Iye anali wa nambala 69 mwa anyamata 286 amene anasankhidwa chaka chimenecho.

Mwambo wa draft ndi wachilendo kwa otsatira mpira wamiyendo. Mnyamata sasankha timu yomwe akufuna. Matimu ndi amene amasankha mosinthana, ndipo amene anachita moipa m'nyengo yapita ndi amene amapatsidwa mwayi woyamba. Timu ikamusankha, palibe timu ina ya NHL imene ingakambirane naye kwa nthawi yoikika. Kusankhidwa sikutanthauzanso kuti wapeza malo, chifukwa timu imaloledwa kukhala ndi osewera mpaka 50 osainira mgwirizano pomwe malo a mu ligi yaikulu ndi 23.

Buffalo inatumiza Ndur ku Rochester Americans, timu yake ya mu AHL yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Buffalo. M'nyengo yake yoyamba, ya 1995/96, timuyi inatenga chikho cha Calder Cup pansi pa mphunzitsi John Tortorella itagonjetsa Portland Pirates pa ndime yomaliza imene inafika masewero asanu ndi awiri. Ndur anali asanakwanitse zaka 21.

Ulendo wa makilomita 120 aja ndi umene unakhala wovuta. Kuyambira 1996 mpaka kumapeto kwa 1998, Ndur anasewera masewero 11 okha m'malaya a Buffalo. Komabe masewero ochepawo anamupanga kukhala munthu woyamba wobadwira ku Nigeria kusewera mu NHL.

Malamulo awiri amene amalamulira moyo wa wosewera

Lamulo loyamba ndi la mgwirizano wa malipiro awiri. Wosewera wachinyamata, kapena amene sanakhazikike, amasaina pepala lokhala ndi malipiro a mu NHL ndi enanso a mu ligi yapansi, ndipo amalandira molingana ndi masiku amene wakhala kumwamba kapena kumunsi. M'nyengo ya 2024/25 malipiro otsikitsitsa a mu NHL anali madola a ku America 775,000 pa chaka, pomwe otsikitsitsa a mu AHL anali ongopitirira pang'ono madola 50,000. Mu ECHL osewera amalipidwa pa sabata, ambiri a iwo madola mazana angapo, ndipo amalandira m'miyezi ya masewero yokha. Foni imodzi yochokera kwa akuluakulu a timu ikhoza kuchepetsa malipiro a munthu kakhumi kapena kuposerapo.

Lamulo lachiwiri limatchedwa waivers. Wosewera akatha zaka zingapo pa mgwirizano, timu yake singamutsitse ku ligi yapansi isanapereke mwayi kwa matimu ena onse woti amutenge. Masiku ano mwayiwu umakhala wa maola 24. Cholinga cha lamuloli n'chakuti matimu amphamvu asamabise osewera abwino m'maligi apansi. Kwa wosewera, lamuloli limatanthauza kuti akhoza kuuzidwa lero kuti mawa akapezeke mumzinda wina, popanda kufunsidwa maganizo ake.

Izi zinachitikira Ndur kawiri. Mu Disembala 1998 timu ya New York Rangers inamutenga kuchokera ku Buffalo kudzera m'lamuloli. Anasewera masewero 31 ku New York m'nyengo imene inali yomaliza ya Wayne Gretzky, katswiri amene ambiri amati ndi wopambana onse m'mbiri ya hoki. Miyezi isanu ndi umodzi Ndur atachoka, Buffalo inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha Stanley Cup, komwe inagonja kwa Dallas Stars. Mu Disembala 1999 anatengedwanso mwa njira yomweyo ndi Atlanta Thrashers, timu yatsopano imene inapambana masewero 14 okha mwa 82 m'nyengo yake yoyamba. Kumeneko anasewera masewero 27.

Apa ndi pamene ntchito yake ya mu NHL inathera, ali ndi zaka 24. Zonse pamodzi anasewera masewero 69, anamwetsa zigoli ziwiri, anathandiza pa zigoli zitatu, ndipo anakhala pa benchi ya chilango kwa mphindi 137.

Wosewera akamakula, maligi apansi nawonso amayamba kumutsekera khomo. Malamulo a AHL amafuna kuti mwa osewera 18 a m'bwalo, kupatula agoloboyi, 12 akhale amene sanapitirire masewero 260 a ukatswiri. Ntchito yaikulu ya ligiyi ndi kusula achinyamata, kotero munthu wa zaka 27 amene wachita bwino nyengo zinayi amapezeka akulimbirana malo ochepa otsalawo.

Ntchito ya nkhonya ndi mtengo wake

Mphindi 137 za chilango m'masewero 69 zikuonetsa mtundu wa ntchito imene Ndur ankapatsidwa. Mu hoki ya ku North America, osewera awiri akamenyana sachotsedwa m'masewero monga zimachitikira mu mpira wamiyendo. Aliyense amangokhala kunja kwa mphindi zisanu. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 pafupifupi timu iliyonse inkasunga munthu mmodzi kapena awiri amphamvu, amene udindo wawo unali kuteteza akatswiri a timuyo ndi kubwezera aliyense wowachita chipongwe. Ndur, wamtali mamita pafupifupi 1.88 ndi wolemera makilogalamu oposa 90, anali mmodzi wa otchinga kumbuyo amene ankayembekezeredwa kuchita zimenezi.

Kwa wosewera amene ali pa malire a ligi yaikulu, kuvomera kumenya nkhonya inali njira yopezera malo. Mtengo wake unayamba kuonekera poyera m'chaka cha 2011, pomwe osewera atatu odziwika ndi ntchitoyi, Derek Boogaard, Rick Rypien ndi Wade Belak, anamwalira m'miyezi inayi yokha. Akatswiri a pa Boston University atapima ubongo wa Boogaard, amene anamwalira ali ndi zaka 28, anapeza matenda otchedwa CTE, amene amabwera kaamba ka kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza. Matenda omwewa anapezekanso mu ubongo wa Steve Montador, wotchinga kumbuyo wa ku Canada amene anamwalira mu 2015 ali ndi zaka 35.

Kuyambira nthawi imeneyo malamulo akhala akusintha. Mu 2016 AHL inalamula kuti wosewera amene wamenyana kakhumi m'nyengo imodzi aziimitsidwa, ndipo mu 2023 ligi ya achinyamata ya ku Quebec inaletseratu ndewu. Masiku ano matimu amafuna otchinga kumbuyo aliwiro ndi odziwa kupatsira kampira, kotero njira imene Ndur ndi anzake anadzera yatsala pang'ono kutsekeka.

Timu ikhoza kutha

Chinthu china chimene wosewera wa mu ligi yapansi sangachilamulire ndi moyo wa timu yake. M'chaka cha 2001 ligi yakale ya International Hockey League, imene inayamba mu 1945, inatsekedwa kaamba ka mavuto a zachuma. Matimu asanu ndi imodzi analowa mu AHL ndipo otsalawo anatha. Mwa amene anatha munali Orlando Solar Bears, timu yosulirako osewera a Atlanta, imene inali itangotenga chikho cha ligiyo chaka chomwecho.

M'nyengo ya 2004/05 eni matimu a NHL anatseka mabwalo atalephera kugwirizana ndi bungwe la osewera pa nkhani ya malipiro. Nyengo yonse inalephereka, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire 1919 chikho cha Stanley Cup sichinaperekedwe. Osewera a NHL oposa 300 anapita ku Ulaya, ena anatsikira m'maligi apansi, ndipo amene anali kumeneko anakankhidwira pansi kwambiri.

Nyengo imeneyo Ndur anali ku Danbury Trashers, timu yatsopano ya mu United Hockey League m'boma la Connecticut. Mwini wake anali James Galante, mkulu wa makampani otaya zinyalala, ndipo anaika mwana wake wa zaka 17 kukhala woyendetsa timuyo. Trashers inatchuka ndi ndewu ndipo inkakopa owonerera ambiri. Mu 2006 boma la United States linatsegulira Galante milandu ndipo timuyo inatha itangosewera nyengo ziwiri. Mu 2008 iye anavomera milandu ingapo, kuphatikizapo wa chinyengo polipira osewera mwamseri ndalama zoposa malire amene ligi inaika, ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 87. Nkhani ya timuyi inaonetsedwa mu filimu ya Netflix ya m'chaka cha 2021.

Ndur anapitiriza ntchito yake ku Ulaya. M'nyengo ya 2006/07, ali ndi zaka 31, anali m'timu ya Coventry Blaze imene inatenga ukatswiri wa ligi ya hoki ya ku Britain.

Njira ya Bhasera

Ku England komweko, patangotha zaka zitatu, kunafika wotchinga kumbuyo wa mpira wamiyendo wochokera ku Mutare. Mzinda uno, umene ndi likulu la chigawo cha Manicaland ndipo uli pa malire ndi Mozambique, watulutsa osewera ambiri kudzera pa bwalo la Sakubva ndi matimu monga Tanganda, Buffaloes ndi Manica Diamonds. Ambiri a iwo, monga Willard Katsande, anakapeza ntchito ku South Africa. Nayenso Onismor Bhasera, wotchinga kumbuyo chakumanzere, anadzera njira imeneyo. Anasewera ku Maritzburg United, kenaka ku Kaizer Chiefs kuyambira 2007 mpaka 2009.

Mu 2009 Bhasera anachoka ku Chiefs ndi chiyembekezo cholowa Portsmouth, imene panthawiyo inali mu Premier League. Zimenezi sizinatheke, ndipo anakhala miyezi yambiri wopanda timu. Kwa wosewera wa kuno, khomo la ku England linali lopapatiza. Malamulo a nthawi imeneyo ankafuna kuti wochokera kunja kwa European Union akhale atasewera masewero atatu mwa anayi aliwonse a mpikisano a timu ya dziko lake m'zaka ziwiri zapitazo, komanso kuti dziko lakelo likhale mwa mayiko 70 apamwamba pa mndandanda wa FIFA. Zimbabwe sinali m'gulu limenelo, kotero osewera ake ankadalira chigamulo cha komiti yapadera. Nayo Portsmouth inali pa mavuto, ndipo mu Febuluwale 2010 inakhala timu yoyamba ya mu Premier League kuikidwa m'manja mwa oyang'anira makampani olephera kubweza ngongole.

Mu Malichi 2010 Bhasera analowa Plymouth Argyle, timu ya kumwera chakumadzulo kwa England imene inali mu Championship, ligi yachiwiri. Patangotha milungu ingapo timuyo inatsika kupita mu League One. Chaka chotsatira ngongole zinaikulira, inalandidwa mapointi khumi, inaikidwa m'manja mwa oyang'anira ngongole mu Malichi 2011, ndipo inatsikanso kupita mu League Two, ligi yachinayi. Osewera ndi ogwira ntchito anakhala miyezi yambiri osalandira malipiro awo onse. Mphunzitsi Peter Reid anafika popereka mendulo yake ya ndime yomaliza ya FA Cup ya 1986 kuti igulitsidwe pothandiza timu. Zinthu zinayamba kukhazikika mu Okutobala 2011 pomwe wamalonda James Brent anagula timuyo.

Bhasera anapirira zonsezi. Anasewera masewero oposa 100 ku Plymouth, ndipo m'nyengo ya 2012/13 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana wa timuyo. Mu 2013 anabwerera ku South Africa kukalowa Bidvest Wits, ndipo mu 2016 anapita ku SuperSport United, komwe anatenga nawo chikho cha MTN8 mu 2017 ndi 2019.

Otsatira mpira a ku Malawi amamukumbukira pa masewero a chikho cha Africa Cup of Nations a pa 14 Januwale 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon. Mpira umene Ishmael Wadi anamwetsa ndi mutu unachokera ku phazi la Bhasera, amene panthawiyo anali atakwanitsa kale zaka 35. Kenaka Gabadinho Mhango anamwetsa zigoli ziwiri ndipo Malawi inapambana 2-1.

Matimu awiri omaliza aja a ku South Africa kulibenso lero mu ligi yaikulu. Malo a Bidvest Wits anagulitsidwa mu 2020, timuyo itatha zaka 99, ndipo a SuperSport United anagulitsidwa mu 2025.

Kusiyana kwa njira ziwirizi

Mu hoki ya ku North America timu siitsika ngakhale itagonja chotani. Amene amakwera ndi kutsika ndi wosewera payekha. Mu mpira wamiyendo wa ku England, ku Zimbabwe kapena ku Malawi, timu yonse ndi imene imatsika, ndipo imatenga osewera ake ngakhale amene anachita bwino. Ndur anasinthidwa matimu kawiri m'miyezi 12 popanda kufunsidwa. Bhasera anakhala pa timu imodzi, koma anapezeka atachoka mu ligi yachiwiri kufika mu yachinayi m'miyezi yosakwana 15.

Pa njira zonse ziwiri, chitetezo cha wosewera chimachokera ku malamulo olembedwa ndi ku mabungwe a osewera. Osewera hoki a m'maligi apansi ali ndi bungwe la Professional Hockey Players' Association, lokhazikitsidwa mu 1967, limene limakambirana ndi maligi za malipiro otsikitsitsa ndi chithandizo cha kuchipatala. Maligi a achinyamata a ku Canada amalonjeza kulipirira wosewera maphunziro a ku koleji molingana ndi zaka zimene wasewera, ngakhale kuti mwayiwu umatha akasaina mgwirizano wa NHL. Ku Zimbabwe kuli Footballers Union of Zimbabwe, limene limaimirira osewera pa mikangano ya malipiro.

Mabanja a ku Mutare, Lilongwe, Chipata kapena Tete amene ana awo akuitanidwa ndi matimu akunja akhoza kupindula podziwa malamulo atatu a FIFA. Loyamba limaletsa kusamutsira kunja kwa dziko mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa. Lachiwiri limati mgwirizano usapitirire zaka zisanu, ndipo kwa wosakwana zaka 18 usapitirire zaka zitatu. Lachitatu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limalola wosewera kuthetsa mgwirizano ngati timu yalephera kumulipira malipiro a miyezi iwiri, bola atailembera kalata yoipatsa masiku 15 kuti ikonze zinthu. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo dzina lalikulu la timu silinena kanthu za mawu amene ali pa pepala losainidwa.

Muyeso wa ntchito ya wosewera

Mabuku a mbiri ya masewero amakonda kuyeza munthu ndi chiwerengero cha masewero a mu ligi yaikulu. Muyeso umenewu umasiya zambiri kunja. Willie O'Ree wa ku Fredericton ku Canada, munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL, analowa m'bwalo ndi Boston Bruins pa 18 Januwale 1958 ndipo anasewera masewero 45 okha mu ligiyi. Zaka zake zambiri anazithera m'maligi apansi, makamaka ku Los Angeles ndi San Diego, uku akubisa kuti diso lake lakumanja silinkaona chifukwa chomenyedwa ndi kampira ali mnyamata. Dzina lake linalowetsedwa mu Hockey Hall of Fame mu 2018, ali ndi zaka 83.

Rumun Ndur anasewera masewero 69 mu NHL, koma analandira malipiro a hoki kwa zaka zoposa khumi, ndipo anatenga zikho ku Rochester ndi ku Coventry. Onismor Bhasera sanasewerepo ngakhale mphindi imodzi mu Premier League, koma ntchito yake inatenga zaka pafupifupi 20 m'mayiko atatu, ndipo anaimirira Zimbabwe pa mpikisano wa Africa Cup of Nations ku Gabon mu 2017 ndi ku Cameroon mu 2022. Mwa anyamata zikwizikwi amene anayamba nawo limodzi ku Ontario ndi ku Manicaland, ndi owerengeka okha amene anafika pamenepo.